Mutu 6: Dzina la Tilimbenazo

1. Foni patebulo

Lolemba m'mawa, Zilole ali pafupi kunyamuka kupita kusukulu, amalume ake a Fransisko adamuitanira pabalaza. Kunja kudali chifunga cha mwezi wa Juni, chija chimabisa phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera. Iye adali atavala kale juzi ya yunifolomu, chikwama chili kumsana.

Zilole adali mtsikana wa Fomu 4. Kwawo kudali kumudzi wina kuseri kwa Chimbiya, koma bambo ake atamwalira, a Fransisko, alongo awo a mayi ake, adamutenga kuti azikhala nawo pa Boma n'kumaphunzira pa sekondale yoyendera. Zaka zinayi zonse adadya ndi kugona m'nyumba imeneyo. Mayeso omaliza adali atatsala masabata awiri.

A Fransisko ankachita malonda a mbatata ya kachewere. Ankagula m'midzi n'kukagulitsa ku Lilongwe pa galimoto yawo ya matani atatu. Sadali munthu wokalipa. Ankalankhula motsitsa mawu, ndipo akanena chinthu sankachibwereza.

Adamuuza kuti aike foni yake patebulo. Zilole adaika. Iwo adaitenga n'kuilowetsa m'thumba la jekete.

"Dzina lija la amayi a kumudzi, lija anthu amalemba pa intaneti akafuna kachewere, ndamva kuti lili pa iwe," adatero. "Ndikufuna ulisamutsire kwa ine. Dzina likhale lomwelo, zithunzi zomwezo. Ungochotsapo nambala ya wapampando wawo, a Magadalena, uikepo yanga. Ndakupatsa mpaka Lachisanu."

Zilole adati dzinalo si lake, ndi la gulu. A Fransisko adamufunsa ngati m'kaundula mudalembedwa gulu kapena Zilole. 

Adamufotokozera modekha kuti chaka chonsechi galimoto yawo yakhala ikupita ku Lilongwe yosadzaza, chifukwa alimi amene ankawagulitsa kale tsopano akugulitsa okha. Adati amayiwo sataya kanthu, popeza iwo azidzagula mbatata yonse n'kumainyamula okha. Adati za pabanja zimathera pabanja. Pomaliza adanena mawu amene sadanenepo pa zaka zinayi zonsezo.

"M'nyumba muno umakhala ngati mwana wanga. Mwana wanga sangatsegule msika wondigoneka ine ndi njala. Ngati si iwe mwana wanga, Loweruka unyamuke, mayesowo ukalembere kwanu."

Zilole ankadziwa kuti mayeso sangalembere kwina. Adalembetsa pa sukulu ya pa Boma, ndipo kuchokera kumudzi kwawo kukafika pamsewu wa tala pankafunika kuyenda pansi maola awiri. Palibe tsiku limene akadafika mayeso a m'mawa asanayambe.

2. Mmene dzinalo lidayambira

Nkhaniyi idayamba Zilole ali Fomu 2, pamene adalowa kalabu ya makompyuta. Aphunzitsi a kalabuyo, Mayi Veronika, adawaphunzitsa kuti kompyuta iliyonse yosunga masamba a pa intaneti ili ndi nambala yakeyake, yaitali ndi yovuta kuloweza. N'chifukwa chake anthu adapanga mayina. Dzina lililonse limalembedwa m'kaundula, ndipo munthu akalemba dzinalo pa foni yake, kaundulayo ndiye amalozera foniyo kumene ipite. Amene walembedwa kuti ndi mwini dzina, ndi yekhayo amene angasinthe kumene dzinalo likuloza.

Pa tchuthi cha chaka chimenecho Zilole adapeza mayi ake, a Marita, atakhala m'mbali mwa msewu pa Chimbiya pamodzi ndi amayi anzawo a gulu la Tilimbenazo. Adalipo amayi makumi atatu ndi anayi. Ankakhala tsiku lonse pamphepo, zidebe za kachewere zili patsogolo, ndipo dzuwa likapendeka ankagulitsa pa mtengo uliwonse umene wogula watchula, poopa kubwerera nazo kumudzi pamutu.

Atabwerera kusukulu adawapangira tsamba. Adaikapo zithunzi za madimba awo, miyezi yokolola, ndi nambala ya foni ya wapampando wa gulu, a Magadalena. Polembetsa dzina pankafunika imelo ndi nambala ya foni ya mwini wake. Panalibe mayi ndi mmodzi yemwe wokhala ndi imelo, choncho Zilole adalembapo zake. Simukhadi ya m'foni mwake adamugulira ndi amalume ake, m'dzina lawo, chifukwa iye adali asanalandire chiphaso cha unzika.

Pasanathe chaka ogula adayamba kuimba. Adayamba ndi okazinga tchipisi a ku Lilongwe, kenaka sukulu ziwiri zogonera komweko, kenaka malo odyera. Magalimoto adayamba kubwera okha pa Chimbiya Loweruka lililonse.

Mayi Veronika adamuuza katatu konse kuti dzinalo alichotse pa iye alilembetse pa gulu. Katatu konse Zilole adayankha kuti achita mwezi wamawa. Chifukwa chenicheni sankachinena. Akafika kumudzi amayi ankamulandira ndi nthungululu, akumutchula kuti mwini intaneti, ndipo iye zinkamukomera. Kumapeto kwa chaka chatha Mayi Veronika adasamutsidwira ku Mzimba, ndipo panalibenso womukumbutsa.

Kuti mwini dzina asinthidwe pankafunika zinthu ziwiri: mawu achinsinsi, ndi kanambala kamene kamatumizidwa pa foni nthawi yomweyo. Mawu achinsinsi adali m'mutu mwa Zilole. Foni idali m'thumba la amalume ake.

Nthawi yopuma itakwana Lolemba lomwelo, adalowa m'chipinda cha makompyuta kuti ayese kusamutsira dzinalo ku gulu mwachangu. Adalemba mawu achinsinsi. Kompyuta idamupempha kanambala kamene katumizidwa pa foni yake. Adakhala akuyang'ana kabokosi kopanda kanthuko mpaka belu lidalira.

3. Pa tebulo la a Zikhalo

Lachiwiri ataweruka sadapite kunyumba. Adatsikira kumsika, kukhonde la sitolo ina kumene a Zikhalo ankakhala ndi katebulo kawo. A Zikhalo adagwira ntchito ya ukalaliki ku positi zaka makumi atatu, ndipo atapuma adayamba kuthandiza anthu kulemba makalata ndi kudzaza mafomu. Ndiwo adathandiza amayi a Tilimbenazo kulemba malamulo a gulu lawo.

Adamumvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'matumba a chijasi chawo. Adamufunsa mafunso awiri okha: ngati amayiwo akudziwa kuti dzina lili pa iye, ndi kuti aphunzitsi ake adamuchenjeza liti. Atayankha, adamuuza kuti akhale pabenchi.

"Mwana wanga, makompyuta sindiwadziwa, koma ma adilesi ndidakalambira pomwepo. Ndikuuze zimene ndidaona ndi maso angawa. Pa positi ina kumene ndinkagwira, padali bokosi limodzi la mudzi wonse. Amuna ambiri a m'mudzimo adali ku Joni, ndipo makalata awo onse ankagwera m'bokosi limenelo. Bokosilo lidalembedwa pa mphunzitsi wina wa Sande sukulu, munthu wabwino, chifukwa ndiye yekha ankadziwa kuwerenga bwino. Tsiku lina apongozi ake adamubwereka kiyi, akuti sabata imodzi yokha. Iye adachita manyazi kukana.

"Kuyambira tsiku limenelo makalata adasiya kufika m'mudzimo. Amene ankafika ndi okhawo amene mkuluyo wafuna. Mayi wina adadikira zaka ziwiri, n'kuganiza kuti mwamuna wake wamutaya, ndipo adakwatiwa kwina. Mwamunayo atabwera adalumbira kuti ankalemba mwezi uliwonse. Ankanena zoona. Ine ndinkaponya ndekha makalatawo m'bokosi, ndipo ndinkaona amene akuwatenga. Koma lamulo linkati mwini bokosi ndi amene walembedwa, ndipo wobwera ndi kiyi watumidwa ndi mwini. Ndidapempha mphunzitsiyo kuti alembe kalata yosintha loko. Adaopa apongozi ake, sadalembe. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mwamuna uja, ndimadziimba mlandu kuti sindidakakamire."

Adatsokomola, n'kupitiriza.

"Kale adilesi idali kabokosi kachitsulo. Lero ndi dzina limene sungaligwire ndi dzanja. Kumene tikupitaku msika, sukulu, chipatala, ngakhale dimba la mayi ako, chilichonse chizidzapezeka ndi dzina la pa intaneti. Wopanda dzina kumeneko adzakhala ngati mudzi umene njira yake yamera udzu. Ndipo malamulo a mayinawo amakambidwa m'misonkhano ya kutali, ndi anthu amene sanapondepo Dedza. Ngati inu ophunzira simudzakhala nawo pa misonkhano imeneyo, ena adzakusankhirani. Koma munthu sangakayendetse bwino mayina a dziko lonse ngati walephera kusunga mwachilungamo dzina limodzi la amayi a kwawo.

"Usaganize kuti mavuto ako ayamba dzulo. Adayamba tsiku lija aphunzitsi ako adakuuza koyamba, iwe n'kuti mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chinthu cha anthu ambiri chikakhala m'thumba la munthu mmodzi, ofuna kuchilanda savutika ndi anthu ambiriwo. Amangofufuza pamene munthu mmodziyo pamamupweteka, n'kufinya pomwepo. Amalume ako apapeza."

Zilole adafunsa ngati pali njira ina iliyonse.

A Zikhalo adati ilipo imodzi, koma ndi yaitali. Osunga kaundula atha kusintha mwini dzina popanda foni ngati alandira kalata yosainidwa ndi mwini wakale pamodzi ndi atsogoleri a gulu, yokhala ndi chidindo cha gululo. Zimatenga masabata angapo. Ndipo kuti atsogoleriwo asaine, ayenera kuuzidwa zoona zonse.

Zilole adafunsanso ngati iwo angakawalankhule amalume ake, kapena kumupezera pogona kwa masabata atatu a mayeso. A Zikhalo adapukusa mutu. Adati iwo akukhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, ndipo nkhani ya mwini mbumba ndi mbumba yake mlendo salowerera asanaitanidwe. Chimene akadatha ndi kulemba kalatayo. Adailemba pomwepo, ndi zilembo zawo zopendeka, n'kusiya mizere inayi ya osaina.

4. Kumudzi

Lachitatu lonse a Fransisko sadatchule nkhaniyo. Adangomufunsa ngati wawerenga, monga ankachitira masiku onse.

Lachinayi Zilole adatuluka atavala yunifolomu, koma adakakwera minibasi ya ku Lilongwe n'kutsikira pa Chimbiya. Kuchokera pamenepo adayenda pansi. Linali tsiku limene amayi a gulu ankakumana kuti asankhe mbatata ya Loweruka.

Adayamba wafika kunyumba. A Marita ataona mwana wawo tsiku la sukulu adadziwa kuti kwagwa kanthu. Atamva nkhaniyo adakhala pansi pakhonde, n'kumangopotokola nsonga ya chitenje.

"Apatse," adatero. "Achimwene ndiwo adatola iwe pamene ine ndidalibe pogwira. Ndikadwala amabwera ndi iwowo. Ndikadzafa adzandiika ndi iwowo. Kachewere tidagulitsa pamsewu zaka zonsezi, sitidafe. Koma iwe ukaphonya mayeso amenewa, ubwera kuno kudzakhala ngati ine."

Zilole adati dzinalo si la banja lawo lokha. A Marita adati akudziwa. Adapita naye limodzi kumsonkhano, koma adakakhala kumbuyo kwenikweni.

Amayi adali pabwalo la tchalitchi, milu ya mbatata ili pakati pawo. Atamuona, awiri atatu adayamba nthungululu, koma adaleka ataona nkhope yake. Zilole adaimirira patsogolo pawo n'kunena zonse: kuti dzina lidalembedwa pa iye, kuti adachenjezedwa katatu, kuti adazengereza chifukwa ankakonda kutamandidwa, ndi zimene amalume ake akufuna. Pomaliza adawaonetsa kalata ija n'kuwafotokozera ntchito yake.

Manong'onong'o adabuka. Mayi wina adafunsa ngati zikutanthauza kuti zaka ziwiri zonsezi msika wawo wakhala uli m'thumba la mwana wa sukulu. Wina adati nkhaniyi ikuoneka ngati ya m'nyumba imodzi, mlongo, mchemwali ndi mwana, ndipo enawo angokhala oonerera. A Marita adaweramitsa mutu.

A Magadalena adawasiya alankhule mpaka adatopa. Adali mayi wamkulu, wa imvi, amene adayambitsa gululo. Adapukuta dothi m'manja mwawo n'kuimirira.

"Amayi, mwanayu walakwa, ndipo wanena yekha. Koma tisanamutole miyala, tidzifunse. Khasu la gulu timadziwa kumene limagona. Sikelo ya gulu timadziwa amene amasunga, ndipo tidalemba m'malamulo kuti isamagone nyumba imodzi miyezi iwiri. Nanga dzina ili, limene limatibweretsera magalimoto, ndani mwa ife adafunsapo kuti lidalembedwa pa yani? Ine woyamba sindidafunse. Ndidati zimenezo n'za ana a sukulu. Tidakondwa ndi kulira kwa foni, osafuna kudziwa chimene chikuiliza. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Ndipo ndikuuzeni, izi sizithera pa kachewere. Lero mbewu tikuifunsa pa foni, nyengo tikuimva pa foni, mawa ngakhale malire a minda yathu adzakhala m'makompyuta. Tikapitiriza kunena kuti n'za ana, tidzadzuka tsiku lina chilichonse chathu chili ndi mwini wina, amene adalembedwa pamalo pamene ife tidachita ulesi kuyang'ana. Kusaphunzira si mlandu. Kusafunsa ndiye mlandu."

Kenaka adatembenukira kwa Zilole.

"Iwe, kalatayi tisaina, chidindo tidinda. Koma popanda dzanja lako ndi pepala chabe, ndipo wokaiponya ndi iwe. Pogona pa Boma tilibe, sindikunamiza. Ukakana amalume ako, mwina mayeso wataya. Ukawapatsa, ife tibwerera kumsewu ndi zidebe, ndipo mtengo azitchula ndi iwo. Ukaing'ambira kalatayi m'minibasi sitidzadziwa mpaka magalimoto atasiya kubwera. Ine sindikusankhira. Ndikungokuuza kuti chimene usankhe udzagona nacho zaka zambiri kuposa masabata atatu a mayesowo."

Adasaina a Magadalena, mlembi ndi msungichuma. Mzere wachinayi udatsala wopanda kanthu. Zilole adapinda kalatayo n'kuiika m'kope la Bayoloje.

A Marita adamuperekeza mpaka pamtsinje.  Polekana adangomukonzera kolala ya juzi n'kubwerera.

5. Lachisanu

Njira ya kusukulu inkadutsa pa positi. M'mawa Zilole adaima pakhomo pake kanthawi, kenaka adapitirira.

M'kalasi aphunzitsi adagawa timapepala tosonyeza masiku a mayeso ndi nambala ya mpando wa aliyense. Zilole adalandira kake. Adawerenga dzina lake, nambala yake, ndi tsiku la pepala loyamba. Anzake ankakambirana za makoleji amene akufuna kudzapita. Iye adaika kapepalako m'kope lomwe lija, pamwamba pa kalata.

Nthawi yopuma ya masana adatuluka pageti. Atafika pa positi adabwereka cholembera pa kauntala, n'kusaina mzere wachinayi.  Adapempha kuti kalatayo ipite molembetsa, ndipo adapatsidwa kalisiti kotsimikiza kuti yatumizidwa. Adaona ndi maso ake ikuponyedwa m'thumba la makalata a tsikulo.

Atafika kunyumba adalongedza zovala ndi mabuku m'chikwama chachikulu, n'kuchikankhira pansi pa bedi. Adasesa, adatunga madzi, adatsuka mbale, monga mwa masiku onse.

A Fransisko adabwera dzuwa lisanalowe. Adakhala pampando wawo, adavula nsapato, n'kumuitana. Zilole adagwada pafupi ndi chitseko ndipo adaika kalisiti kaja patebulo.

"Amalume, zonse mwandichitira sindidzaziiwala. Koma dzina lija si langa, ndiye sindingakupatseni. Ndalibweza kwa eni ake. Kalata yapita lero. Ngati mukuti ndinyamuke mawa, katundu ndamanga kale."

A Fransisko adatenga kalisitiko n'kukawerenga mbali zonse ziwiri.  Kunja kunkamveka njinga zamoto zikudutsa.

Kenaka adapisa dzanja m'thumba la jekete, adatulutsa foni ija n'kuiika patebulo.

"Tenga," adatero. "Masula katundu wako. Ulembe mayeso ako bwinobwino."

Zilole adadikira kuti mwina awonjezera mawu ena, koma iwo adatsegula wailesi. Pa nkhope pawo padalibe mkwiyo, padalibenso kukhumudwa. Iye adatuluka chogwada, foni ili m'manja. Chakudya chamadzulo adangochilawa. Chikwama sadamasule.

6. Chilembo chimodzi

Loweruka m'mawa adatumidwa kukapereka tiyi ku shedi ya amalume ake, kuseri kwa msika. Ali patali adaona magalimoto atatu ataima pakhomo, anthu akukweza matumba. Imodzi adaizindikira. Idali ya bambo wina wokazinga tchipisi ku Lilongwe, amene Loweruka lililonse ankapita pa Chimbiya.

Pachitseko cha shedi padali patamatidwa pepala latsopano la mitundu yowala. Padali chithunzi cha a Marita ali m'dimba, atanyamula kachewere m'manja onse awiri. Chithunzicho adajambula ndi Zilole yemwe, zaka ziwiri zapitazo. Pansi pake padali dzina la pa intaneti.

Adaliwerenga koyamba, n'kuona ngati ndi lomwe lija. Adaika fulasiki pansi, n'kuliwerenganso chilembo chimodzichimodzi. Silidali Tilimbenazo. Lidali Tirimbenazo. Pamalo pa l padali r, monga mmene anthu ambiri amalembera osaganiza n'komwe.

Adalilemba pa foni yake. Tsamba lidatseguka. Zithunzi zidali zomwe zija, mawu omwe aja, miyezi yokolola yomwe ija. Nambala yokha ndiyo idali ya a Fransisko.

Pamenepo adatsegula mauthenga a m'foni mwake, amene kuyambira dzulo adali asanawaone. Lachitatu masana, pamene iye adali m'kalasi, uthenga umodzi udatumizidwa kwa ogula onse amene nambala zawo adazisunga m'menemo. Unkati adilesi ya gulu yakonzedwa, kuyambira sabata ino azigwiritsa ntchito yatsopanoyi, ndipo mbatata azitengera pa Boma. Kumapeto kwake kudali dzina lake: Zilole.

A Fransisko adali pa sikelo, akuwerenga matumba. Adadzutsa mutu, adamuyang'ana, n'kumulozera ndi chibwano pamene aike tiyi.

Foni idalira m'manja mwake. Adali a Magadalena. Kumbuyo kwawo kunkamveka magalimoto akudutsa pamsewu ndi mawu a amayi ambiri akulankhula nthawi imodzi.

Adati amayi ali pa Chimbiya ndi matumba kuyambira m'mamawa, ndipo palibe galimoto ndi imodzi yomwe yaima. Adati aimbira wogula mmodzi, ndipo iye wawawerengera uthenga umene adalandira, ndi nambala imene udachokera.

"Lachinayi udaima pamaso pathu, uthengawu utatumizidwa kale Lachitatu," adatero. "Amayi akuti udabwera kudzatigoneka tulo. Ine sindinaweruze. Koma mayi ako awazungulira pano, ndipo sakutha kuyankha. Kwera minibasi yoyamba, ubwere ndi foni imeneyo."